Bambo Yoramu Apita Kukasaka Masipoko

Mayi Lidiya anafika ku Dzivarasekwa mu 1962 atakhala pamwamba pa lole, pakati pa bedi lachitsulo, mipando iwiri ndi bokosi la masipanala a amuna awo. Masiku amenewo azungu ankatcha malowo Gillingham. Inali lokeshoni yaing'ono yatsopano kumadzulo kwa Salisbury, mzinda womwe lero ndi Harare. Tinyumba tonse tinali tofanana, tondandalikana m'malayini, fumbi lofiira paliponse, dambo kumunsi kwake. Ambiri okhalamo anali makhukhi ndi osamalira maluwa m'nyumba za azungu ku Mabelreign ndi ku Marlborough. Anthu ochokera ku Nyasalande analimo ochuluka, moti pampope wa madzi Chinyanja ndi Chishona zinkangosakanikirana m'kamwa mwa munthu mmodzi.

Amuna awo, Bambo Yoramu Kamwendo a ku Ntcheu, sanali khukhi. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa bulugama pafupi ndi masitolo. M'mawa uliwonse lokeshoni yonse inkapita kuntchito pa njinga, choncho pansi pa mtengowo sipankasowa munthu. Bambo Yoramu anali ofatsa, osamwa, osakonda misonkhano. Kulankhula kwa m'banjamo ankalankhula ndi Mayi Lidiya, ndipo ankakwanitsa gawo la anthu awiri.

Mu 1966 Bambo Yoramu anapita kumudzi kukazonda amayi awo omwe ankadwala, chipewa ndi mapepala awo a m'tauni atazisiya kunyumba. Amayiwo anachira. Iwo ndi amene anagwidwa ndi chibayo, namwalira, naikidwa konko. Kalata ya uthenga inayenda milungu isanu, ndipo inafikira kwa Bambo Lameki, mkulu wa mpingo, amene nyumba yawo inali yogundizana mpanda ndi ya Mayi Lidiya.

Mayi Lidiya analira masiku awiri chitseko chili chotseka, atakumbatira ana awo aakazi, Magret ndi Effie. Chitsekocho anatseka dala. Nyumba za m'lokeshoni zinkalembedwa m'dzina la mwamuna wokwatira wokhala ndi chitupa, pepala la boma losonyeza kuti ndi wololedwa kukhala m'tauni. Mwamunayo akamwalira, mkazi ankauzidwa kuti alongedze. Woyang'anira lokeshoni anali mzungu, ndipo aliyense wokhala pampando umenewo anthu ankangomutcha Katsekera, chifukwa ndiye ankatumiza loko pakhomo la munthu.

Tsiku lachitatu Bambo Lameki anagogoda.

"Mayi a Magret, mawa tiyenera kupita ku ofesi tikanene."

"Kalata ija analembera inu kapena Katsekera?"

"Analembera ine."

"Ndiye mzungu mukamuwerengere makalata anu chifukwa chiyani?"

Bambo Lameki anazunguliza chipewa m'manja. "Ine ndine mkulu wa mpingo, mayi. Sindinganame."

"Sindinakupempheni kuti muname, achimwene. Inu muzingokhala chete. Kunama ndizinama ndine, kulapa ndikalapanso ndekha."

Lolemba lotsatira Mayi Lidiya anasenza bokosi la masipanala kupita nalo pansi pa bulugama. Zaka zinayi zonse ankabweretsera amuna awo chakudya pamalopo n'kukhala akuonerera, moti kumata chubu ankadziwa kale. Kuwongola limu ndi kumene kunawavuta. Njinga zoyamba zomwe anakonza zinkayenda mozemba, ngati munthu wothawa galu, ndipo khukhi wina anabwerera kudzadandaula kuti yake ikungofuna kukhotera kumowa. Pofika nyengo ya mvula dzanja linali litazolowera.

Nthawi nayo inawathandiza. Chaka chapitacho boma la azungu linali litalengeza lokha kuti ladziimira palokha, ndipo mayiko akunja analitsekera malonda. Petulo anayamba kugulidwa ndi makuponi, zitsulo za njinga zinasowa m'masitolo. Mayi Lidiya ankadula zigamba ku chubu chakale cha lole, mabuleki n'kusema ku tayala la galimoto. Sipoko inasanduka chinthu chosakasaka. Ndiye mlendo akafunsa kuti mwini malo ali kuti, yankho linali lokonzeka.

"Bambo apita kukasaka masipoko."

Palibe amene ankadabwa. Munthu akanatha kusaka masipoko mwezi wathunthu osapeza.

Vuto linali sipekisheni. Apolisi a m'lokeshoni, omwe anthu ankawatcha mabulakwacha, ankayenda nyumba ndi nyumba ndi buku lawo kuwerenga anthu, ndipo ankafuna kuona mwini nyumba ndi maso. Kawiri Mayi Lidiya anapulumuka ndi nkhani ya masipoko. Kachitatu sajeni anawauza kuti Loweruka abweranso, ndipo akapanda kupeza mwamuna akanena kwa Katsekera.

Loweruka m'mawa, sajeni atalowa, anapeza mwamuna atakhala pampando, chipewa cha Bambo Yoramu chitatsikira m'maso, nsalu yoyera itamangidwa kuyambira kuchibwano mpaka paliwombo.

"Dzino," anatero Mayi Lidiya. "Masiku atatu osalankhula, osadya. Chitupa chawo ndi ichi."

Sajeni anafunsa wodwalayo ngati ndiye Yoramu Kamwendo. Wodwalayo anangobuula. Anali Bambo Lameki, ndipo mpaka imfa yawo ankaumirira kuti kubuula si kunama. Sajeni analemba m'buku natuluka kulunjika nyumba yotsatira, yomwe inali ya Bambo Lameki omwewo. Mkulu wa mpingoyo anataya chipewa, natulukira kuseri, nadumpha mpanda wa nkhadze, nalowa m'nyumba mwawo sajeni akugogoda kumaso. Nsalu ija anaiwala kumasula.

Sajeni anawayang'ana nthawi yaitali. "Kunonso dzino?"

Akazi awo a Bambo Lameki, Mayi Febbie, sanaphethire n'komwe. "Ndi lopatsirana limeneli, bwana. Likuyenda layini yonse. Musayandikire kwambiri."

Sajeni anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa, nalemba ali panja. Atangochoka, Mayi Febbie anafika pampanda.

"Mayi a Magret, lero lokha. Amuna anga sakhalanso mwamuna wa nyumba ziwiri. Mwaona mmene ang'ambira buluku lawo la kutchalitchi?"

Kuyambira pamenepo ntchito ya Bambo Yoramu inakhala yosinthana. Sipekisheni ikamveka, mwamuna aliyense wa m'layinimo amene sanapite kuntchito tsikulo ankavala chipewa chija. Bambo Yoramu ananenepa, anaonda, anatalika, chaka china anachita dazi kenako tsitsi linameranso. Mabulakwacha ankasinthidwasinthidwa, ndiye ambiri sankazindikira. Wina wochenjera ananenapo kuti mwini nyumba wanenepa kwambiri chaka chino, Mayi Lidiya n'kuyankha kuti, "Ndimawadyetsa." Amene ankazindikira zenizeni anali ndi njinga nawonso, ndipo chubu chimaphulika posaona yunifomu. Ankangotseka buku.

Nkhondo itakula, lokeshoni inayamba kudzaza. Anthu ankathawa kumidzi kudzabisala kwa abale awo, m'tinyumba ta zipinda ziwiri n'kumagona anthu khumi. Masana ena mu 1973 pansi pa bulugama panafika mwamuna wamfupi, wowonda, akukankha njinga yopanda tcheni. Dzina lake linali Severino. Anachokera kudera la Tete ku Mozambiki, kumene asilikali anatentha mudzi wawo, ndipo pothawa anasiyana njira ndi mkazi wake Isaura. Chitupa analibe. Munthu wakunja wopanda chitupa akagwidwa m'tauni ankamutumiza kumapulazi a fodya, kapena kumubweza komwe wachokera.

Anapempha madzi akumwa. Ali pomwepo anaona Mayi Lidiya akulimbana ndi limu, nawapempha kiyi wa masipoko, naliwongola mosavuta ngati akusenda nthochi.

Mayi Lidiya anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Mumamwa mowa?"

"Ayi, mayi."

"Mumalankhulalankhula?"

"Osati kwenikweni."

"Ndiye kuyambira lero, pamaso pa boma, ndinu Yoramu Kamwendo a ku Ntcheu. Muzigona m'kashedi ka matayala kuseri kwa nyumba. M'nyumba mwanga muzilowa pa sipekisheni pokha."

Chitupa cha nthawiyo chinalibe chithunzi, choncho chinamukwana. Amayi a Chigwirizano kutchalitchi ananong'onezana mwezi umodzi, mpaka Mayi Febbie anawauza kuti iwo amaona kashediko kuchokera pazenera lawo, ndipo ngati pali tchimo ndiye ndi la nsikidzi zokha. Amuna a m'layini anapuma. Patatha zaka ziwiri Isaura anatulukira, atafunsa njira kuchokera ku Mbare, kumene basi za kumidzi zimafikira, ndipo analembedwa m'buku la mabulakwacha ngati mng'ono wake wa Mayi Lidiya. Pa sipekisheni ankayenera kutcha mwamuna wake alamu, ndipo ankatero nkhope ili gwa, akuphwanya makala kuti asaseke.

Zinthu zikanapitirira choncho pakanapanda Katsekera watsopano amene anabwera mu 1977. M'lokeshoni munali bodi ya alangizi, amuna ochepa amene ankakhala ndi Katsekera kamodzi pamwezi kukambirana za mipope ndi misewu. Nkhondo itafika povuta, aliyense wokhala m'bodiyo ankatchedwa wogulitsa anzake, ndipo mamembala ankatula pansi udindo mmodzimmodzi. Katsekera watsopanoyo anauza kalaliki wake kuti afufuze m'mafayilo munthu wodekha, wopanda mbiri ya ndale. Kalaliki anabweretsa fayilo yopyapyala kuposa onse. Yoramu Kamwendo, zaka khumi ndi zisanu m'lokeshoni, sanamenyanepo kubala, sanagwidwepo pamsonkhano, sanabwerepo ku ofesi kudzadandaula kanthu ngakhale kamodzi.

Kalata yoitana itafika, Severino anayamba kumanga katundu wake. Layini yonse inasonkhana kuseri kwa nyumba ya Bambo Lameki Lamlungu masana. Wina anati Yoramu athawe. Wina anati amwalire tsopano, koma anafunsidwa kuti mtembo autenga kuti. Mayi Lidiya anamvetsera onse, kenako anati, "Mzungu akufuna munthu womva zimene iye akunena. Timupatsa wosamva. Awabweza yekha."

M'mawa mwake anapita ku ofesi atamugwira Severino padzanja. Anafotokoza kudzera mwa kalaliki, yemwe ankamasulira, kuti chubu cha lole chinawaphulikira amuna awo pafupi ndi mutu, ndipo chigonthereni. Munthu akafuna kuti amve ayenera kukuwa m'khutu lamanzere. Mawu awonso anatsika, amangonong'ona, ndipo amene amawamva ndi mkazi wawo yekha.

Katsekera anamwetulira. Ananena kanthu m'Chingelezi, kalaliki n'kumasulira akuyang'ana pansi.

"Bwana akuti palibe vuto. Akuti munthu wotere ndiye woyenera. Inu mayi muzibwera nawo kumisonkhano kuti muziwathandiza."

Anatuluka mu ofesimo. Mayi Lidiya anayenda ndi Severino mpaka pamasitolo, kenako anaima.

"Achimwene, mwamva zimene wanena? Wati ndizibwera."

Mkazi anali asanalowepo m'chipinda cha bodi, kupatula wokolopa. Pamsonkhano woyamba Mayi Lidiya anakhala pambali pa Severino atavala duku lawo latsopano. Katsekera akalankhula, iwo ankawerama n'kukuwa m'khutu la Severino mpaka mazenera kunjenjemera. Kenako ankatchera khutu kukamwa kwake. Severino, thukuta lili kamukamu, ananong'ona kuti, "Mayi, m'mimba mwandigwira. Ndikufuna kutuluka."

Mayi Lidiya anagwedeza mutu mwaulemu, nadzuka.

"Bambo akuti chimbudzi cha pamsika chatsekeka miyezi itatu tsopano, ndipo akufunsa ngati bwana angakonde kukachiona okha."

Katsekera analemba. Severino ananong'onanso kuti, "Chonde, mayi."

"Akutinso mpope umodzi sungakwanire malayini anayi. Amayi amayamba kudikira madzi tambala asanalire."

Mbiri inafika m'malayini msonkhano usanathe n'komwe. Koma si onse amene ankadziwa za Bambo Yoramu enieni. Anthu obwera kumene anali ambiri, ndipo Lamlungu lina masana amuna asanu a zandale anafika pakhomo, mmodzi atanyamula mpini wa khasu. Severino analowa pansi pa matayala.

"Tikufuna Kamwendo," anatero wamkulu wawo m'Chishona. "Wogulitsa anthu uja."

Mayi Lidiya anali akuchapa. Sanadzuke. "Mukufuna Yoramu? Ali ku Ntcheu, kumanda a kwawo, chigonereni mu 66. Mukafika mukandiperekere moni, ine sindinapiteko."

Amunawo anayang'anana. Bambo Lameki, omwe anali atatuluka ndi Baibulo m'manja, anayandikira pampanda.

"Ana anga, mayiwa nthawi zambiri amanama, koma apa anena zoona. Kalata ya maliro ndinalandira ndine. Ndili nayo mpaka lero."

Anakaitenga. Wamkulu uja anaiwerenga kawiri, nafunsa kuti nanga amene amakhala m'bodi ndani. Atauzidwa, anakhala pansi pamwala wochapira n'kuseka mpaka misozi. Wa mpini uja anaubisa kumbuyo. Asanachoke, wamkulu uja anapempha kuti Bambo Yoramu akanenekonso za basi, yomwe inkabwera kawiri kokha patsiku, ndi za chimanga cha kudambo chomwe mabulakwacha ankathyola chisanakhwime ponena kuti mumabisala zigawenga.

Kuyambira pamenepo pansi pa bulugama panasanduka ofesi ina. Munthu ankabwera ndi njinga yabwinobwino, n'kuchotsa mpweya dala kuti apeze chifukwa chokhalira, kenako n'kuyamba, "Mayi, mukawauze bambo kuti..." Severino ankamata machubu pambali, osatukula mutu, pakuti pagulu ankayenera kukhala wogontha. Tsiku lina galimoto inaliza hutala kumbuyo kwake iye n'kudumpha, bulakwacha akuona. Mayi Lidiya anafotokoza kuti amuna awo amamva ndi mapazi.

Pamsonkhano wachisanu Bambo Yoramu anadzutsa nkhani ya akazi amasiye. Severino ananong'ona pemphero la Tikuoneni Maria m'Chipwitikizi, ndipo Mayi Lidiya anamasulira kwa mphindi khumi. Anatchula mayina a amayi awiri a m'layini yachitatu amene anali atauzidwa kuti atuluke, wina ali ndi ana asanu. Anafunsa kuti kodi amene amasesa nyumba, kuitsira pansi, kubzala masamba kuseri ndi kulera ana m'menemo ndani, ngati si mkazi. Kalaliki anamasulira zonse osadumpha kanthu.

Katsekera anavula magalasi. "Afunseni a Kamwendo. Iwo ali moyo, ali ndi nyumba. Nkhani ya amasiye ikuwakhudza bwanji?"

Mayi Lidiya anakuwa m'khutu, natchera khutu, naweramuka.

"Bambo akuti masiku ano sakumva bwino m'thupi."

Lamulo silinasinthe. Koma amayi awiri aja analoledwa kukhala mpaka ana atatseka sukulu, ndipo sukulu zitatsekedwa fayilo yawo inasochera mu ofesi, kalaliki osaipezanso. Chimbudzi chinatsegulidwa. Mipope iwiri inaikidwa. Basi sinawonjezeredwe, ndipo chimanga chinathyoledwa chaka chimenechonso, ngakhale kuti mabulakwacha anayambira kumunsi kwenikweni n'kutopa asanafike pakati.

Patatha miyezi isanu ndi itatu kunabwera kalata yothokoza Bambo Kamwendo chifukwa cha ntchito yawo, ndi kuwapumitsa poganizira thanzi lawo. Kalaliki anauza anthu kuti Katsekera anadandaula kuti sanaonepo munthu wogontha wolongolola chotere. Severino anakondwa kuposa aliyense. Khutu lake lamanzere linali litayamba kulira lokha, ndipo silinasiye mpaka ukalamba.

Nkhondo itatha mu 1980, kunamveka kuti anthu a m'malokeshoni aziloledwa kukhala eni nyumba zomwe ankakhalamo. Mayi Lidiya anavala yunifomu yawo ya Chigwirizano, natenga Bambo Lameki ndi kalata ija, napita ku ofesi. Pampando panali mkulu watsopano, munthu wakuda, wachinyamata, wa tayi yofiira. Anawerenga kalatayo, natsegula fayilo, naona zolemba za misonkhano ya bodi.

"Mayi, apa akuti amuna anu anamwalira mu 1966."

"Eya."

"Apa akuti mu 1978 anapempha mipope iwiri."

"Inabwera, mwanawe. Pita ukaione, ikutuluka madzi."

Mkuluyo anayang'ana Bambo Lameki, omwe anali kuyang'ana denga. Anaitana kalaliki wakale uja, nanong'onezana naye pakona. Pobwera anafunsa Mayi Lidiya kuti dzina lawo limalembedwa bwanji, nalilemba pachikuto cha fayilo, pamwamba pa la amuna awo.

Severino anakalembetsa m'dzina lake, ndipo iye ndi Isaura anapeza nyumba kumalayini atsopano omwe ankamangidwa chakumadzulo. Chaka chotsatira anatsegula pake pokonzera njinga, kumapeto ena a masitolo omwewo. Anthu ankayembekezera mkangano. Mayi Lidiya anapita kukamuona tsiku loyamba, namupatsa pampu ndi masipanala awiri, namufunira mafuno abwino pamaso pa anthu.

Atabwerera pansi pa bulugama anayamba kusankha. Njinga ya chubu chophulika, ya tcheni chomasuka, ya buleki yofuna kumanga pang'ono, ankaigwira okha. Ikabwera yopindika felemu, yodya dzimbiri, yomwe inagundidwa ndi ngolo kapena kugona m'dambo chaka chathunthu, ankaizungulira kamodzi, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Iyi ndi ya katswiri. Pitani nayo kwa a Severino uko, mukanene kuti ndakutumani ndine."

Anagwira ntchitoyo mpaka maso atayamba kuchita khungu, chakumapeto kwa zaka za m'ma 80, ndipo anamwalira m'nyumba yawo yomweyo mu 1994. Kuseri kwa malo a Severino kunali kutaunjikana mulu wa njinga zosakonzeka wotalika kuposa iye mwini, ndipo ana a sukulu ankautcha phiri la Mayi Lidiya.